Kuchepetsa utsi ndi kadyedwe ka mafuta: yambani ndi injini, mankhwala a mu thanki abwere pambuyo

Pafupifupi sitolo iliyonse ya zida za galimoto ili ndi timabotolo tothira mu thanki, tolonjeza mphamvu, utsi wochepa ndi galimoto yosadya mafuta. Tina mwa timabotoloti ndi tabwino ndithu, koma pa injini ya petulo timachiza vuto limodzi lokha, lomwe ndi litsiro lomata m'mainjekita ndi pa mavavu. Galimoto imene ikudya mafuta chifukwa cha sensa yakufa, mapulagi otha kapena thermostat (kavavu kolamulira kutentha kwa madzi a injini) yochotsedwa sisintha ngakhale mutathira botolo sabata iliyonse. Malangizowa akukhudza makamaka galimoto zakale zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta, Probox, Noah ndi Hilux ya dizilo.

Maziko a nkhani yonse ndi awa. Kuti petulo apse yense, kilogalamu 1 ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya, moto wa pulagi woyaka pa nthawi yake, ndi injini yotentha mokwanira. Chimodzi chikasokonekera, gawo lina la mafuta amene munagula limatuluka ku ekizozi lisanagwire ntchito.

Yezani kaye

Singano ya pa dashibodi siyoyezera. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, musawonjezere. Bwezani trip meter pa 0, yendani monga mwa masiku onse, kenaka mudzazenso pa pampu yomweyo ngati n'kotheka. Gawani makilomita ndi malita amene alowa. Ngati mwayenda makilomita 420 ndipo alowa malita 35, galimoto yanu ikuyenda makilomita 12 pa lita. Chitani zimenezi pa mathanki atatu ndipo mulembe, chifukwa thanki imodzi imanamiza. Sabata imene mwakhala mumdipiti wa galimoto m'tauni siyingafanane ndi imene munayenda ulendo wautali pa M1. Pimaninso mpweya wa m'matayala m'mawa asanatenthe, potsata chikwangwani chomata pa khomo la dalaivala.

Onani utsi, ndipo funsani kompyuta ya galimoto

Injini ikatentha, wina aponde mafuta inu muli kumbuyo. Utsi wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Wabuluu ndi oyilo amene akulowa m'masilinda kudzera m'maringi kapena m'timasilo ta mavavu, ndipo palibe mankhwala a mu thanki amene angauthetse. Woyera wa m'mawa umene ukutha patapita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe. Woyera wosatha, madzi a mu radiyeta n'kumachepa, ukuloza ku gasiketi ya hedi. Pa dizilo, utsi woyera wowawa m'maso ndi dizilo wosapsa, kawirikawiri chifukwa cha injekita yodontha kapena ma glow plug (otenthetsa silinda poliza injini) akufa.

Kenaka lumikizani kachipangizo kowerengera kompyuta pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero. Galimoto zina za ku Japan zakale kwambiri siziyankhula ndi timakina totsika mtengo, ndiye pamenepo pitani ku galaja imene ili ndi makina akuluakulu. Manambala amene amabwerabwera ndi P0171, mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya. P0172, mafuta ochuluka. P0300 mpaka P0304, silinda ikuphonya. P0128, injini sikufika pa kutentha kwake. P0401, EGR (vavu yobwezera utsi wina mu injini) yatsekeka. Ndi P0420, catalytic converter (chipangizo cha pa ekizozi chochepetsa poizoni wa mu utsi) yafooka. Musalole kuti makaniko angofufuta nambalayo kuti nyali ya check engine izime. Ilembeni kaye.

Chothandiza kuposa manambalawa ndi chimene makinawo amachitcha long term fuel trim, chomwe chimaonetsa kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa kuti muyezo ukhale bwino. Pakati pa -10 ndi +10 palibe chodandaula. Ikapitirira +10 injini ili pa silo, koma n'kutsika mukaponda mpaka ma rev 2,500, pali penapake pamene mpweya ukulowa mozemba, monga paipi ya rabala yong'ambika kapena gasiketi ya manifodi. Ikamakwera pamene mukuponda, ganizirani pampu ya mafuta yofooka, fyuluta yotsekeka, sensa ya mpweya yakuda kapena mainjekita otsekeka. Mwa zonsezi, ndi mainjekita okha amene botolo lingathandize.

Bwezerani thermostat

Apa ndi pamene mafuta ambiri amatayikira. Galimoto ikangotentha kamodzi, amakaniko ena amachotsa thermostat n'kunena kuti kuno n'kotentha, chipangizocho ndi cha mayiko ozizira. Si zoona. Thermostat ya injini zambiri za Toyota imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha kwa pakati pa 85 ndi 95 n'kuisunga pomwepo. Ikachotsedwa, madzi amazungulira mu radiyeta nthawi zonse, sensa imauza kompyuta kuti injini idakali yozizira, kompyuta n'kumathira mafuta owonjezera ulendo wonse. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo pa makoma a silinda, amatsikira mu sampu, ndipo maringi amatha msanga.

Kuti mudziwe, lizani injini m'mawa n'kugwira paipi yaikulu ya pamwamba pa radiyeta. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka itenthe mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuchokera pa chiyambi, thermostat mulibe kapena yakanirira yotsegula. Njira ina ndi kuona singano ya kutentha potsika Zalewa kapena phiri la Chiweta: ikagwa pansi, vuto ndi lomwelo. Poika yatsopano, kabowo kake kotulutsira mpweya kayang'ane m'mwamba, ikani gasiketi yatsopano, ndipo thirani coolant, osati madzi a pampopi okha. Chimene chinatenthetsa injini poyamba paja, kaya ndi radiyeta yotsekeka, fani yakufa kapena chitsekerero chotha, chikonzedwenso, apo ayi vuto libwerera. Fani imene inalumikizidwa kuti izizungulira nthawi zonse ibwezeretsedwe pa relay yake.

Mpweya ndi moto

Tulutsani fyuluta ya mpweya muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, sinthani. M'nyengo ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ionedwe mwezi uliwonse ngati mumayenda misewu yadothi. Musaipope ndi mpweya wamphamvu, chifukwa pepala lake limabooka timabowo tosaoneka ndipo fumbi limalowa mu injini. Pa galimoto ya mainjekita, fyuluta yakuda imachepetsa mphamvu kwambiri kuposa kuwonjezera kadyedwe, popeza kompyuta imachepetsanso mafuta. Koma pa njinga yamoto ya kabuleta ndi pa dizilo yakale, fyuluta yakuda imabweretsa utsi wakuda nthawi yomweyo.

Kuseri kwa fyuluta kuli sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa. Zimitsani injini, chotsani soketi, masulani timasikuluwu tiwiri. Mkati muli timawaya tiwiri topyapyala kwambiri. Tipopereni mankhwala olembedwa kuti ndi a MAF, kapena otsukira zamagetsi osasiya mafuta, mudikire mphindi 10 kuti tiume. Musatikhudze ndi nsalu, burashi kapena chala, ndipo musagwiritse ntchito mankhwala otsukira kabuleta.

Mapulagi amasulidwe injini itazizira. Nsonga yofiirira pang'ono ngati khofi wamkaka ndi yabwino. Yakuda youma ndi mafuta ochuluka, yakuda yonyowa ndi oyilo, yoyera mbee ndi kutentha kwambiri kapena mafuta ochepa. Yofiira ngati njerwa ikusonyeza kuti mu petulo munali mankhwala a chitsulo monga manganese. Mapulagi wamba amatha pa makilomita 20,000 mpaka 30,000, a iridium amafika pafupifupi 100,000. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Sienta ndi Probox zambiri, mpata wa pa nsonga ndi mamilimita 1.0 mpaka 1.1. A iridium asapindidwe kapena kupalidwa ndi sandipepa. Chenjeraninso ndi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso: pulagi ya iridium yogulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba ndi yokayikitsa.

Pomaliza pa gawoli, onani sensa ya oxygen ya pa ekizozi. Ya mtundu wakale, injini itatentha, imayenera kumasinthasintha mofulumira pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9. Ikaima pamodzi kapena ikamachedwa, yatha.

Dziwani petulo amene muli naye

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 PressCane inayamba ku Chikwawa. Onse awiri amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Gawo lake mu petulo limasintha malinga ndi kupezeka kwake, ndipo limatha kufika magawo 20 pa 100. Izi zikutanthauza zinthu zitatu kwa mwini galimoto. Ethanol ali ndi octane yokwera, kutanthauza kuti sayaka yekha msanga akapanikizidwa mu silinda, choncho galimoto wamba sifunika botolo lokweza octane. Ethanol ali ndi mphamvu yochepa pa lita, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a petulo, kotero kuti petulo wa magawo 10 amachepetsa mtunda ndi pafupifupi 3 pa 100, ndipo fuel trim imakwera pang'ono. Limenelo si vuto loti mukonze. Chachitatu, ethanol amayamwa madzi. Madzi akachuluka, ethanol ndi madziwo zimalekana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imakokera. Galimoto imavuta kuliza, imadukiza, ndipo thanki ndi pampu zimachita dzimbiri.

Mungathe kuyeza nokha ndi kabotolo koyezera ka mamililita 100. Thirani madzi mpaka pa 10, onjezani petulo mpaka pa 100, tsekani, khutchumulani, ndipo muikhazike mphindi 5. Ethanol amasamukira m'madzi. Mzere wa pansi ukakwera kuchoka pa 10 kufika pafupi ndi 19, ndiye kuti ethanol ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Chitirani panja, kutali ndi mbaula ndi fodya.

Mafuta akasowa anthu amagula a m'zigubu, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri a mainjekita amayambira. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera mudikire mphindi 10. Petulo wabwino ndi wowala mbee. Wa chifunga kapena wa mizere iwiri ali ndi madzi. Donthezani pa pepala loyera: petulo amauma osasiya kanthu, pamene wosakaniza ndi parafini kapena dizilo amasiya banga la mafuta. Sefani pothira, ndipo lita yomaliza ya pansi pa chigubu isalowe mu thanki. Madzi akakhala kuti alowa kale ambiri, thanki ikhuthulidwe. Mankhwala ochotsa madzi, omwe ndi mowa wa mtundu wina, amangothandiza pa timadontho tochepa.

Tsopano botolo lija

Zonse zam'mwambazi zikakhala bwino koma injini ikunjenjemera pa silo, ikuzengereza mukaponda, kapena fuel trim ikadali yokwera, yesani mankhwala otsuka mainjekita. Werengani kumbuyo kwa botolo mufufuze mawu akuti PEA kapena polyetheramine. Amenewa ndi amene amapirira kutentha n'kusungunula litsiro la pa nsonga ya injekita, pa mavavu ndi m'mutu mwa pisitoni. Techron ya kampani ya Chevron ndi chitsanzo chodziwika cha mankhwala okhala ndi PEA. Mabotolo otsika mtengo ambiri ndi parafini ndi zosungunulira chabe.

Onani malita amene botolo limakwanira. Ambiri ndi a mamililita 300 mpaka 400, opangidwira thanki ya malita 50 mpaka 70. Thanki ya Vitz zambiri ndi ya malita 42, choncho werengetsani ndipo musapyole muyezo wolembedwa, chifukwa owonjezerawo satsuka kwambiri koma amangolowa mu oyilo. Thirani thanki ili pafupi kutha, pamalo omwetsera pomwepo, kenaka dzazani petulo kuti zisakanikirane. Yendani mpaka thanki itatsala kota musanawonjezere, ndipo muphatikizepo ulendo wa ola limodzi pa msewu waukulu. Nthawi yabwino ndi thanki yomaliza musanasinthe oyilo. Kamodzi pa makilomita 5,000 mpaka 10,000 ndi kokwanira.

Pali injini zina zimene mankhwalawa safika pa mavavu ake. Izi ndi za D-4, monga 1AZ-FSE ya mu Noah ndi Voxy zakale, ndi GDI ya Mitsubishi. Injekita yake imapopera mu silinda mwachindunji, kotero petulo sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya, ndipo mwaye umaunjikana pamenepo. Njira yake ndi kumasula manifodi n'kutsuka ndi manja, pamodzi ndi EGR.

Ngati mathanki awiri adutsa popanda kusintha, mainjekita atulutsidwe akatsukidwe pa makina a ultrasonic ndi kuyezedwa pa benchi. Onse azipopera ngati nkhungu, osadontha akatsekedwa, ndipo kuchuluka kwa mafuta kusasiyane ndi magawo opitirira 5 pa 100. Pobwezera, ikani timaringi ta rabala tatsopano topaka oyilo pang'ono.

Dizilo

Mdani wamkulu wa dizilo ya common rail (yomwe mainjekita ake onse amalandira mafuta ku paipi imodzi ya mphamvu kwambiri), monga 2KD ndi 1KD za Hilux D-4D, ndi madzi ndi fumbi. Pampu yake imakankha mafuta pa mphamvu ya mabar opitirira 1,300, ndipo zitsulo za mkati mwake zimatetezedwa ndi dizilo yemweyo. Pansi pa fyuluta pali kotsegula kokhetsera madzi. Ikani kabotolo pansi, masulani pang'ono, popani ndi kapampu ka pamwamba mpaka kutuluke dizilo woyera, mutseke, mupopenso mpaka kalimbe. Chitani izi mwezi uliwonse, komanso nthawi yomweyo nyali ya fyuluta ikayaka. Fyuluta isinthidwe pa makilomita 20,000 kapena msanga ngati mumamwetsa m'madiramu. Musamasule paipi yachitsulo ya injekita injini ikulira, chifukwa dizilo wa mphamvu yotere amaboola khungu.

Mankhwala a dizilo othandiza ndi a mitundu itatu. Otsuka mainjekita amathiridwa monga tafotokozera pa petulo. Okweza cetane, omwe nthawi zambiri amakhala ndi 2-EHN, amathandiza dizilo kuyaka msanga, kotero amachepetsa kugogoda ndi utsi woyera wa m'mawa m'madera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu mu Juni ndi Julayi. Achitatu ndi opha tizilombo. Mukapeza matope akuda oterera mu fyuluta, makamaka pa jenereta, thirakitala kapena injini ya chigayo imene dizilo wake amakhalitsa, ndi tizilombo tomwe timamera pomwe madzi akumana ndi dizilo. Khetsani madzi, thirani mankhwalawo, ndipo khalani ndi fyuluta ina pafupi chifukwa zakufazo zimatseka yoyambayo.

Utsi wakuda pa dizilo uyambireni ku fyuluta ya mpweya, mapaipi a turbo ndi intercooler ong'ambika, ndi EGR yomata mwaye, musanaganize za mainjekita.

Galimoto za dizilo zatsopanoko zili ndi DPF, sefa ya mwaye ya pa ekizozi imene imadziyeretsa poutentha pa madigiri pafupifupi 600. Maulendo afupiafupi a m'tauni saipatsa mpata. Nyali yake ikayaka, yendani mphindi 20 mpaka 30 pa liwiro lopitirira makilomita 60 pa ola osazimitsa. Imafuna dizilo wa sulufa wochepa, wa 50 ppm kapena kutsika, ndi oyilo wa phulusa lochepa wolembedwa ACEA C2, C3 kapena JASO DL-1 malinga ndi buku la galimoto. Oyilo wamba amaitseka ndi phulusa limene silipsa. AdBlue, ya m'mathiraki ndi galimoto zina zochokera ku Britain ndi South Africa, si mankhwala a mu dizilo. Ndi madzi oyeretsedwa okhala ndi urea magawo 32.5 pa 100, ndipo ili ndi thanki yakeyake ya chitsekerero chabuluu. Ikalowa mu thanki ya dizilo, musatembenuze n'komwe kiyi, khuthulani. Musayese kupanga yanu ndi feteleza wa urea, chifukwa zosafunika za mu fetelezayo ndi m'madzi a pampopi zimawononga chipangizo cha SCR, chomwe chimayeretsa utsi pogwiritsa ntchito AdBlue.

Zosayenera kuthira kapena kuchotsa

Parafini mu dizilo amachepetsa kuterera ndipo amadya pampu. Oyilo wakale wa injini, oyilo wa giya ndi timipira tothamangitsa njenjete m'zovala zimasiya phulusa ndi litsiro. Acetone amawononga rabala. Okweza octane a manganese kapena chitsulo amamata pa mapulagi, pa sensa ya oxygen ndi mu catalytic converter. Mankhwala olowa m'malo mwa mtovu ndi a injini zakale kwambiri zokha. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'mayiko a kum'mwera kwa Sahara mu 2006. Maginito omanga pa paipi ya mafuta ndi timakina tolowetsa mu soketi ya fodya sitichita kanthu. Bungwe la EPA la ku America linayesa zipangizo zoposa 100 zonenedwa kuti zimapulumutsa mafuta, ndipo silinapezepo chimene chinasintha kadyedwe mooneka. Za HHO, zogawa madzi ndi magetsi a galimoto, zimatenga mphamvu yambiri ku alternator kuposa imene mpweya wakewo umabweza.

Catalytic converter imafunidwa ndi ogula chifukwa mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, ndipo ena amauza eni galimoto kuti ikachotsedwa mphamvu ikwera. Yabwinobwino sitsekereza kanthu. Ndi imene imasandutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha, kukhala mpweya wosaopsa kwambiri, ndipo amene amaupuma ikachotsedwa ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, ana oyenda pansi ndi okwera kumbuyo kwa minibasi. Ikatsekeka, chinaipha ndi china, kawirikawiri silinda yophonya kapena oyilo wopsa, ndipo yatsopano idzafanso ngati chimenecho sichinakonzedwe.

Yezaninso

Mukakonza chinthu, fufutani manambala akale mu kompyuta kuti iphunzirenso, yendani thanki imodzi osawerengera, kenaka muyeze mathanki atatu monga poyamba, pa misewu yofanana. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza. Kusiyana kochepera magawo 3 pa 100 kungabwere ndi katundu, mphepo kapena phazi la dalaivala, choncho musakuwerengere botolo. Ngati fuel trim yabwerera pakati pa -10 ndi +10, singano ya kutentha ikukhazikika pakati, ndipo mapulagi akadali ofiirira patatha makilomita 1,000, musathirenso mankhwala ena mpaka nthawi yosintha oyilo itayandikira.